Nditakhala Pansi Pakhomo pa Alamu

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene alamu anga a Yohane anayamba kunditenga pa njinga popita kutauni, kumsika wa Kapata. Anali amuna a achemwali anga a Marita, mkamwini m'mudzi mwathu ku Chiparamba. Tikagulitsa mtedza, ankandilowetsa m'kanyumba ka vidiyo kuseri kwa msika, konunkha thukuta ndi zitumbuwa, kotchinga mawindo ndi masaka. Chingerezi sindinkachimva, koma alamu ankandinong'oneza nkhani yonse.

Mafilimu omwe ankawakonda anali a mtundu umodzi: munthu wadzitsekera m'nyumba ndi anthu osalakwa, mfuti ili m'manja, apolisi azungulira. Ine ndinkangodikira kuomberana. Alamu ankandigunda ndi chigongono.

"Mkazi wanga wamng'ono, yang'ana wapolisi wakhala pansiyo. Sakalipa, amayamba kupempha kanthu kakang'ono. Koma bwana akuthamangira kuthyola chitsekoyo anadya ziphuphu, akufuna munthuyo afe asanaulule."

Ankanditchula choncho mwa chilamu, ndipo inenso ndinali ndi ufulu wowaseka miyendo yawo yonga mipini.

Chaka chotsatira malume anga a Gerevazio anagamula kuti alamu achoke m'mudzi, ati ndi aulesi. Ulesi wake uti, munthu amene anasandutsa dambo kukhala dimba la tomato ndi repu? Tonse tinkadziwa kuti malume ankasirira dimbalo. Ndipo kwathu mkamwini akamachoka amanyamula khasu ndi bulangeti, ana amatsala kwa amayi awo.

Tsiku loti achoke, dzuwa lili pamutu, alamu anadzitsekera m'nyumba ndi mwana wawo Tamara, wa zaka zitatu, komanso botolo la mankhwala opopera thonje. Anakuwa kuti wina akangokhudza chitseko, amwa. Sitinadziwe ngati amwa okha kapena amwetsanso mwanayo.

Mudzi wonse unasonkhana. Achemwali ankagubuduka m'fumbi. Amayi, omwe alamu ankawalemekeza kwambiri, anaima patali, poti mpongozi salankhulana ndi mkamwini. Kenaka malume anatulukira ndi nkhwangwa paphewa.

Nditaona nkhwangwayo ndinakumbukira bwana wa mufilimu uja. Ndinkachita mantha kwambiri, koma ndinadutsa pakati pa anthu, nkukakhala pansi msana utatsamira chitseko.

"Esitere, choka apo!" malume anakalipa.

"Muyambe mwatema ine, malume."

Anthu anagwira pakamwa. Kwathu mwana sayankha malume ake chotero, ndipo ndinkadziwa kuti ndidzazilipira. Koma sindinasunthe. Ndinatembenukira ku chitseko.

"Amuna anga, mwanditsekera panja ine mkazi wanu? Anthu aziti chiyani?"

Mkati ndinamva mawu osasa: "Pita kwa amako, Esitere."

"Sindipita. Ndili ndi ludzu, ndipatseniko madzi pawindo."

Panapita nthawi, windo nkutseguka pang'ono, kapu yachitsulo nkutuluka. Ndinamwa mosafulumira. Ndinayamba kuwakumbutsa za tsiku lomwe tinagwera mu ngalande ndi thumba la mtedza, ndikuwanena kuti miyendo yawo ija sidziwa kupalasa njinga. Ndinamva akuseka, kusekako nkusanduka kulira.

"Dimba atenge," anatero. "Koma mwanayu adzandiiwala. Adzakula osadziwa nkhope yanga."

Apo mpamene panagona nkhani, ndipo pamlandu wonse uja panalibe amene anawafunsa.

"Sadzakuiwalani. Njira ya ku Kapata munandionetsa nokha. Ndizibwera naye."

"Ukunena zoona?"

"Zoona. Koma tamverani, Tamara akulira njala. Ndipatseni."

Tamara anatuluka pawindo, mamina ali mbwee, achemwali nkumulandira. Ine ndinabwerera pamalo panga. "Latsala botolo," ndinatero. Limeneli linachedwa. Mthunzi wa nyumba unafika pankhokwe lisanatuluke, koma linatuluka losatsegula.

Alamu anachokabe, anakayamba kunyamula katundu pamsika wa Kapata. Malume analanda dimba, ndipo ine anandikwapula ndi lamba madzulo omwewo. Mwezi utatha ndinabereka Tamara kumsana, ulendo wa ku Kapata kwa bambo ake. Malume anandiletsa, ndinapitabe. Nthawi zina tinkakwera ngolo ya anthu opita kutauni, nthawi zina ndinkayenda mpaka mapazi kutupa. Ndinatero mpaka mwanayo anayamba kupita yekha.

Mafilimu aja amathera pomwe chitseko chatseguka, wolankhula uja nkumapita kwawo anthu akumuombera m'manja. Lero ndikudziwa kuti kutsegulitsa chitseko sikuvuta kwenikweni. Chovuta ndi kusunga mawu omwe unanena uli pakhomopo, chaka ndi chaka, wopanda wokuona. Tsiku lomwe Tamara ankakwatiwa, wansembe anafunsa za bambo a mkwatibwi. Tamara sanadikire kuti wina amulozere. Anatsika yekha paguwa, nkukawagwira dzanja alamu anga.