Chithunzi cha Mayi Oulimata

Ndickou Gaye anaphunzira kugwira burashi akupenta mabwato a bambo ake ku Guet Ndar, dera la asodzi m'mphepete mwa nyanja. Atamaliza sukulu ya zaluso ku Dakar, anzake akuthamangira ku Ulaya, iye anabwerera kwawo, napempha nyumba yakale yosungiramo mchere, n'kuisandutsa malo oonetsera zaluso. Amisiri ankabwera kudzakhala miyezi itatuitatu, kugona kuchipinda chakuseri, kudya mpunga wa nsomba m'mbale imodzi ndi aneba. Lamulo linali limodzi basi: nkhope ya munthu siikwera pakhoma mwini wake asanaione n'kuvomera. Ambiri ankati ndi nkhani yotayitsa nthawi, koma Ndickou analibe nazo ntchito.

Chaka china kunabwera Birane, wojambula ndi kamera, waluso kwabasi, ndipo tsoka lake ankadziwa yekha kuti ngwaluso. Anajambula Mayi Oulimata, owamba nsomba, atakhala pakhomo pawo atafunda nsalu, maso ali kunyanja. Anachitama chithunzicho pafoni kwa bwana wosankha zokaonetsa ku chionetsero chachikulu cha ku Dakar, mpaka bwanayo analonjeza kubwera Loweruka. Zaka zisanu ndi zinayi Ndickou ankamuitana munthu ameneyu osayankhidwa n'komwe. Akanangochikonda, nyumba ya mchereyo ikanamveka dziko lonse.

Lachisanu Ndickou anatenga chithunzicho kukaonetsa mwini wake. Mayi Oulimata anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwanawe, amuna anga anatsala m'nyanja mwezi wathawu, ukudziwa. Masiku anga olira sanathe. Ndikubisala m'nyumba muno, ndiye tauni yonse izikandiyang'ana pakhoma?"

Manyazi anamugwira Ndickou, pakuti nayenso nsalu ya maliroyo anali ataiona, koma njala ya kutchuka inam'tseka maso.

Birane atamva kuti chithunzicho sichikhomedwa anadumpha ngati waponda khala la moto. "Achemwali, mukundiphera tsogolo chifukwa cha nkhalamba yonunkha utsi?"

"Utsi umenewo ndi umene wakunenepetsa masayawo. Unabwera kuno uli ngati ndodo ya tsache."

"Tsiku limodzi lokha! Sangadziwe n'komwe."

"Ndidziwa ine."

Loweruka bwana anafika, nsapato zili mbee, napeza msomali wokhawokha pakati pa khoma.

"Chili kuti?"

"Chilipo, bwana. Mwini wake akulira amuna ake. Akamaliza mubwere mudzam'pemphe nokha."

"Mayi, mukudziwa kuti ndi nyumba zingati zikundidikira?"

"Ndiye musazichedwetse."

Bwanayo anatuluka osalawa ngakhale tiyi amene anam'phikira, ndipo sanabwerenso. Birane analongedza tsiku lomwelo, chithunzicho anachisiya chitazondoka kuseri kwa chitseko. Kunena zoona, Ndickou zinam'pweteka. Analira ali yekha, kenako anasamba kumaso, chifukwa ana a pamalopo anali atafika kale kudzaphunzira kusakaniza penti.

Masiku olira atatha, Mayi Oulimata anabwera okha, atavala zowala.

"Tabweretsa chija ndichionenso."

Ndickou anachitulutsa, nyundo ili kale m'manja.

"Eee, koma mnyamatayo amadziwa," anatero mayiwo. "Amuna anga ndinkawadikira chonchi ndithu. Usachikhome apo ayi. Ndikachiika kuchipinda kwanga."

Ndickou anaseka mpaka misozi. Anaika nyundo pansi, nasenza chithunzicho pamutu, nkhope itayang'ana kumwamba kuti wina asaione, n'kuwatsata mayiwo pambuyo.