Obwerera pa Namphuta

A Pearson Muhowa anabwerera kumudzi ndi katundu wodabwitsa. Anzawo akapuma pantchito amabwera ndi chigayo kapena kagalimoto kakutha, koma iwo anatsitsa makatoni asanu ndi limodzi a mapu, wotchi yopachika m'khosi, ndi mwendo wakumanzere womwe unali utasiya kumvera mwini wake. Sitiroko inawagwira ali mu ofesi ku Blantyre, patangotsala miyezi itatu kuti apume mwaulemu. Akazi awo anali atatsogola kale, ana ali kunja, ndiye anawabweretsa kwa mlongo wawo wamkulu, a Emily, kumudzi wa kuseri kwa minda ya mpunga ya Likangala, komwe msewu umatha usanafike.

Ntchito yawo anthu akumudzi sankaimvetsa. Ena ankati ndi apolisi apamsewu, ena ankati amayendetsa giredala. Zoona zake n'zakuti a Pearson anali mkulu wokonza kayendedwe ka magalimoto ndi anthu mumzinda. Ndiwo ankanena kuti siteji ya minibasi ichoke apa ipite apo, loboti yofiira ikhale masekondi angati, oyenda pansi awolokere pati. Zaka makumi atatu ndi ziwiri ankalawirira kukaima pamphambano ndi kabuku, n'kumalemba timizere: tinayi toimirira, kachisanu kopingasa. Minibasi pakepake, malole pakepake, njinga pakepake. Mu ofesi ankaopedwa, chifukwa munthu ukabwera ndi mawu akuti "ndikuganiza kuti," ankakuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa kuti, "Wawerenga angati?" Manambala ankawakhulupirira kuposa mmene ena amakhulupirira abusa awo. Ndipo tisawanamizire, ntchito ankaidziwa. Pali mphambano zina mumzindamo zomwe madalaivala amadutsa lero osatukwana, osadziwa kuti anaziwongola ndi mwana wa kunyanja ya Chilwa.

Sukulu yonseyo inachokera m'manja mwa a Emily. Makolo atamwalira, iwo anasiyira sitandade faifi n'kuyamba kuyanika matemba ndi kuwamba milamba ku Kachulu kuti mlongo wawo asachoke m'kalasi. Utsi unawadya maso. Mlongoyo atayamba kuvala tayi, sanamupempheko kanthu, ngakhale chitenje. Chomwe anapemphapo n'chimodzi, ndipo sichinali chawo okha: mlatho pa Namphuta.

Namphuta ndi kamtsinje kopanda ulemu. M'chilimwe mbuzi zimagona m'kati mwake. Koma mvula ikakhazikika kumapiri a Zomba, kamafufuma n'kutseka njira yokhayo yotulukira m'mudzi. Kumbuyo kuli nyanja, inde, koma musanyengedwe. Pakati pa mudzi ndi madzi enieni pali bango ndi matope osayendeka pabwato, osapondeka ndi phazi. Chipatala, sukulu, chigayo, msika wa ku Kachulu, zonse zili tsidya.

Chaka cha 2004 mwayi unabwera wokha. Bungwe lina linkafuna kumanga milatho isanu m'midzi ya kunyanja, malo opempha anali khumi ndi awiri, ndipo linabwereka a Pearson kuti asanje malowo, ofunika kwambiri pamwamba. Ataona dzina la Namphuta pamndandanda, sanakondwere ayi, koma anachita mantha. Ankaopa kuti anthu adzati wakondera kwawo. Choncho anatsimikiza kuti pa Namphuta akawerenga okha, ndipo sakawonjezerapo ngakhale nkhuku.

Lipoti linkafunika mu Malichi, ndiye anakawerenga mu Febuluwale, madzi ali m'chiuno. Anawoloka atasenza buluku pamutu, n'kukhala masiku atatu pansi pa mkuyu wa pagombe, kabuku pabondo. Tsiku loyamba anawoloka anthu khumi ndi asanu ndi anayi, ndi njinga zinayi zonyamulidwa paphewa. Galimoto, ngakhale imodzi. Masiku enawo chimodzimodzi.

Tsiku lachitatu masana a Emily anawabweretsera mpunga ndi mlamba, n'kukhala pambali kumaonerera. Kunabwera mayi wina wobereka mwana, anayang'ana madzi, n'kutembenuka. Kunabwera nkhalamba ya ndodo, nayo inatembenuka. Cholembera cha a Pearson sichinagwedezeke.

"Achimwene, nanga awowo simuwalemba?"

"Sanawoloke, achemwali. Timalemba owoloka."

"Koma si amafuna kuwoloka?"

"Pafomu palibe malo ake."

A Emily anatola mbale zawo n'kubwerera kunyumba. Namphuta inagwera pa nambala 11. Milatho inamangidwa kwina, komwe oyenda anali ambiri chifukwa kunali koyendeka kale. A Pearson anayamikiridwa kuti ndi munthu wosakondera, ndipo nawo anakhulupirira. Mlongo wawo sanawadzudzulepo. Bola akanawalalatira, zikanatha, koma mayi uja ankangowalandira Khrisimasi iliyonse ndi nkhuku.

Ndiye pano ndi awa, m'mudzi womwewo, panjinga ya olumala. Chaka choyamba anaphunzira zinthu zomwe mapu sanena. Kuyambira Januwale mpaka Malichi dziko lawo linkathera pakhonde. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi akatha, ankadikira munthu wamphamvu wopita tsidya. Munthu yemwe ankasamutsa siteji yonse ndi siginecha imodzi tsopano ankadikira a Alli, mnansi wawo wolima mpunga, kuti aweruke kumunda adzawakankhire pamthunzi. Zinkawapweteka koopsa, ndipo ukali wake unkathera pa a Emily, omwe ankawaphikira ndi kuwachapira. Mapu aja chiswe chinayamba kuwalawa.

Anayesapo kulemba kalata yopempha mlatho, ya Chingerezi chakupsa, masamba anayi. Yankho linabwera patatha miyezi isanu, laulemu kwambiri. Linati malinga ndi kafukufuku womaliza, pa Namphuta sipadutsa anthu okwanira, ndipo m'munsi mwake anatchula dzina la katswiri amene anachita kafukufukuyo. A Pearson anawerenga dzina lawo kawiri, n'kuibisa kalatayo pansi pa matiresi. A Emily atafunsa kuti akuluakulu ati bwanji, anayankha kuti akuganizirabe.

Chaka chino, kumayambiriro kwa Januwale, a Emily anayamba kutupa miyendo ndi kubanika. Mwana wawo Brenda, amene anakwatiwa ku Kachulu, anadzawatenga madzi adakali m'mawondo. Kuchipatala anawasunga masabata awiri n'kuwatulutsa kuti akapumulire kunyumba, ndipo aliyense amadziwa tanthauzo la mawu amenewo. Ali kwa Brenda, mvula inagwa masiku asanu ndi anayi osakata.

Lachinayi m'mawa foni ya a Pearson inalira.

"Amalume, ndine Brenda. Amayi sakudyanso. Akangotsegula maso akumati, 'Achimwene abwera?' Chonde yesetsani lero lomwe."

A Alli atamva anasiya khasu osafunsa zambiri. Anaitana amuna ena atatu, anachotsa chitseko cha khitchini choti awanyamulirepo pamadzi, n'kuyamba kukankha njinga ija m'matope. Pomwe mawilo akana ankainyamula. Mtunda wa mphindi khumi unawadyera ola lathunthu. Mtsinje anaumva asanauone. Atafika pamkuyu paja anapeza madzi ofiira akuthamanga ndi nthochi zozuka ndi mizu yomwe, ndipo tsidya linkaoneka pafupi moti ukanaponya mwala ukanafika.

A Alli anavula malaya, anamanga chingwe m'chiuno n'kulowa kuti ayese. Mapazi asanu, madzi m'chifuwa. Lachisanu ndi chimodzi anasowa, anzawo n'kuwakoka ngati khoka. Anatuluka akutsokomola.

"Achikulire, wallahi sindikunamizani. Tikakuikani pachitsekopa, Brenda alira maliro awiri. Tidikire, mwina pofika masana aphwako."

"Ndinyamuleni basi. Ndikafa ndafa ine."

"Nanga ife anayi? Ifenso tasiya ana kunyumba."

A Pearson anagonja. Anadikira. Dzanja lawo, posowa chochita, linapita lokha m'thumba la jekete, momwe munkakhalabe kabuku ndi cholembera ngakhale panalibenso chowerenga. Woyamba kufika anali mayi wa mwana wotentha thupi. Anaima, anayang'ana madzi, anamukonza mwanayo kumsana n'kubwerera. A Pearson analemba kamzere. Kenako ana asukulu asanu ndi awiri, makope ali m'majumbo. Bambo wa thumba la chimanga wofuna kuchigayo. Mayi woyembekezera ndi apongozi ake. Ena sankafika n'komwe pagombe, ankangomva mkokomo ali patali n'kutembenuka, ndipo nawonso anawalemba. Tinayi toimirira, kachisanu kopingasa. Owoloka anali awiri okha, asodzi odziwa kusambira. Pofika masana tsamba linali litadzaza, ndipo a Pearson anagwidwa ndi manyazi omwe anawazemba zaka makumi awiri. Anthu ngati amenewa analipo nthawi ija. Anaima pamaso pawo, ena mpaka anawapatsa moni.

Madzi sanaphwe. Cha m'ma thuu koloko foni inaliranso, ndipo Brenda anati amayi akufuna kulankhula okha. Mawu a Emily anali aang'ono, opumira pakati.

"Achimwene, muli pati?"

"Pamtsinje, achemwali. Ndikubwera."

"Pamkuyu paja?"

"Pomwepo."

"Musalowe m'madzimo, mwamva? Bwererani kunyumba."

"Achemwali, chaka chija munandifunsa za anthu obwerera. Ndinalakwa. Mlatho ndinaukaniza ndine. Lero ndawawerenga, alipo eyite seveni."

 Pafoni panamveka kamawu kokhala ngati kuseka.

"Mpaka lero mukuwerengabe? Nanga mwadya?"

A Pearson anati adya, ngakhale linali bodza. Sipanathe ola, Brenda anaimbanso. Sanafunike kunena chilichonse, kumbuyo kwake kunkamveka azimayi akulira maliro.

Amuna aja anaima mowazungulira, mitu pansi. Patapita nthawi mmodzi anasenza chitseko chija, ndipo a Alli anagwira njinga kumbuyo.

"Tiyeni, achikulire. Kukubwera mvula ina."

"Taimani kaye."

A Pearson anatsegula kabuku pabondo, misozi ikudonthera pa inki. Anafufuza kampata m'munsi mwa tsamba, n'kulembapo kamzere kena kamodzi, ka iwo eni. Kenako anauza a Alli kuti aitembenuze njingayo.