Chitini cha agogo chapeza wogula

Mwaswera bwanji nonse.

Lero masana achimwene anga a Gerevazio anabwera kwa amayi ku Zingalume ndi bambo wina wa ku Chipata, amene amagula zinthu zakale n'kumatumiza kwa azungu kunja. Bamboyo akufuna chitini chija chokhala ndi nkhope ya mfumu ya ku Mangalande, chimene agogo aamuna anapatsidwa akugwira ntchito pa boma. Achimwene akuti ndalama yake ikwanira malata a nyumba ya amayi mvula isanagwe.

Bamboyo anati akufuna chitini chokha, zam'kati tichotse. Amayi anakhuthulira pamphasa. Munali makhadi athu a ubatizo, kolona yoduka ya agogo, ndi khadi la kusikelo la Tereza, mng'ono wanga amene anamwalira asanayambe kuyenda. Sindinkadziwa n'komwe kuti analisunga.

Amayi sanakane, sanalirenso. Anangofunsa kuti, "Nanga Tereza ndimuika kuti?"

Achimwene anawapatsa kapulasitiki kotha shuga kuti aikemo khadilo. Pamenepo ndinalanda chitinicho n'kubwezeramo zonse.

Bamboyo abweranso Loweruka. Nyumba imadonthadi, sindikukana. Koma amalume, ndi nonse a ku Lusaka, nenani: tigulitse, kapena malatawo tisonkhe tokha?