Chotentha Chomwe Ndinawagulira Apongozi

Apongozi anga, amayi a mwamuna wanga, anabwera kuno ku Indiana mwana wathu woyamba atangobadwa. Tinkakhala ku South Bend, ine ndikugwira unamwino, mwamuna wanga akumaliza maphunziro pa yunivesite. Anafika masamba akuyoyoka m'mitengo, ndipo pofika Disembala anali asanapondeko kwina kulikonse kupatula kutchalitchi ndi kusitolo. Tsiku lonse ankakhala m'nyumba ndi mdzukulu wawo. Tsiku lina ndikuchokera ku shifiti ndinawapeza akulankhula pafoni ndi mchemwali wawo wa ku Dedza.

"Amereka ndamuona," ankatero, "koma ndamuonera pawindo."

Iwo anaseka, koma ine zinandikhudza. Tinkalemekezana bwino ndi apongozi, kungoti panali kamtunda. Ine ndinakulira m'tauni, ndipo ndinkamva ngati amandiyang'ana kuti aone ngati mwana wawo anapezadi mkazi wodziwa zinthu. Ndiye ndinauza mwamuna wanga kuti Loweruka lomwe ndili pa ofu tipite nawo ku Indianapolis, akaone msika wa Khirisimasi wochitikira panja womwe anzanga kuntchito ankangoutchula. Ine ndinali ndisanapiteko, koma izi sindinawauze amayi.

Tinawaveka jekete langa lalikulu pamwamba pa chitenje, mabuti a mwana wawo kumapazi, chipewa chaubweya pamwamba pa mpango. Titafika tinayamba taima m'masitolo a pa Lafayette Road kugula ufa ndi nsomba zouma, kenaka n'kulunjika kumsikako. Malo oimika galimoto anali atadzaza. Mwamuna wanga anatitsitsa pachipata.

"Lowani, ine ndikapake kaye," anatero. "Mwanayu wagona, ndimupatsa botolo m'galimoto momwemo akadzuka, ndikupezani."

Tinatsala awiri.

Msikawo unali wa tinyumba tamatabwa tondandalika, tokutidwa ndi timagetsi ngakhale dzuwa linali lisanalowe. Ankagulitsa makandulo, zidole zosema, masokosi aubweya, soseji zowotcha, mtedza wokazinga mu shuga. Pakati panali bwalo la madzi oundana pomwe anthu ankatsetserekapo. Amayi ankayenda pang'onopang'ono, akuopa kuterereka.

"Msika wanji wopanda wokuitanira?" anandifunsa. "Ogulitsa angoti duu ngati ali pamaliro."

Anatola kang'ombe kosema ka m'khola la Yesu, n'kukatembenuza, n'kunena kuti anyamata osema m'mbali mwa msewu kwathu angachite bwino kuposa apa. Koma mphepo inali yobaya. Posakhalitsa ndinaona milomo yawo ikunjenjemera, manja atawabisa m'khwapa.

Pafupi panali kanyumba komwe panali mzere wautali. Anthu ankachokapo atafumbata timakapu tadothi totuluka nthunzi, momwe munali chakumwa chofiirira. Dzina lake pachikwangwani linali liwu lalitali lachijeremani lomwe sindinathe n'kulitchula komwe.

"Chimenechi n'chiyani, amake mwana?" anafunsa amayi.

Sindinkadziwa. Kutsogolo kwanga kunali anthu, kumbuyo kunali anthu, ndipo aliyense akanandiuza. Koma ndinali nditakhala dziko lino zaka zingapo, ndipo ndi ine ndinawabweretsa kuno ngati mwini malo. Ndinayang'ana mtundu wake, ndinaona tizidutswa ta malalanje tikuyandama mumphika, n'kuyankha ngati wodziwa.

"Ndi juwisi wa mphesa wotenthetsa, Amayi. Amamwa kukazizira chonchi."

Mtsikana wogulitsa anandipempha laisensi yanga yoyendetsera galimoto. Ndinamuonetsa, ndikuganiza kuti ndi chifukwa cha khadi yomwe ndinkalipirira. Fungo sindinalimve, mphuno zinali zitatseka ndi chimfine. Ine ndinakadzigulira chakumwa cha koko kukanyumba kena chifukwa zowawasa zimandiyambitsa chilungulira.

Amayi analawa, n'kukwinya nkhope pang'ono.

"Chikuwawira kukhosi," anatero, "koma chikufika mpaka kumapazi."

Anamaliza. Nditawafunsa ngati ndiwonjezere, anavomera, ndipo ndinabwerera pamzere paja ndikusangalala kuti ndapeza chinthu chowakomera.

Apongozi anga ndi mayi wa chigwirizano cha amayi kumpingo kwawo. Yunifolomu yawo anabwera nayo kuno yosita kale, ngakhale kunalibe koivalira. Malemu amuna awo, apongozi anga aamuna omwe sindinawaone, anatha ndi kachasu, atagulitsa mpaka malata a nyumba. Amayi analera ana okha, ndipo chiyambire utsikana wawo mowa unali usanawakhudze pakamwa. Zonsezi ndinkazidziwa bwino lomwe.

Kapu yachiwiri ili pakati, amayi anasintha. Tinaima pampanda wa bwalo lija, ndipo bambo wina wamkulu thupi atagwa chagada, anaseka mpaka misozi. Anandikolowekera mkono, chinthu chomwe anali asanachitepo. Anayamba kundisimbira za mwamuna wanga ali mwana, momwe ankathawira kusamba n'kukabisala m'nkhokwe. Oimba malipenga atayamba nyimbo ya Khirisimasi yomwe timaimbanso kwathu, amayi anailandira m'Chichewa, mokweza, kapu ili m'mwamba. Azungu ena anatembenuka n'kuwaombera m'manja. Mtima wanga unadzaza. Ndinatulutsa foni, ndinawajambula vidiyo, n'kuitumiza pa gulu la banja nthawi yomweyo.

Tili pomwepo ndinamva wina akundiitana m'Chichewa. Anali mayi wina wa ku Malawi wokhala ku Speedway, dera la ku Indianapolis komweko, namwino wamkulu kwa ine, yemwe timakumana naye kumapemphero a a Malawi. Anapereka moni kwa amayi mwaulemu, atapinda mawondo. Kenaka maso ake anagwera pa kapu ija. Anandikokera pambali.

"Asisi," ananong'ona, "kodi amayiwa amamwa?"

"Kumwa chiyani?"

"Ameneyutu ndi vinyo. Sanakuchekeni laisensi pogula kuti aone zaka zanu?"

Mayi uja ataona nkhope yanga anagwira pakamwa, anatsanzika msangamsanga n'kulowa m'gulu la anthu.

Ndinaganiza zongokhala chete. Kapu inali itatsala pang'ono kutha, amayi anali okondwa, ndipo tikanabwerera kwathu popanda wodziwa. Koma anali akundiyang'ana kale.

"Akuti chiyani anzanuwo?"

"Amayi," ndinatero, "chakumwachi si juwisi. Akuti ndi vinyo."

Anayang'ana m'kapu muja.

"Vinyo wake woledzeretsa?"

"Inde, Amayi."

Anaika kapu pa thebulo lomwe linali pafupi, pang'onopang'ono, n'kupukuta milomo ndi golovesi. Mkono uja anali atauchotsa kale.

"Munati ndi juwisi."

"Sindimadziwa, Amayi. Pepani."

"Simumadziwa," anatero motsitsa mawu, "koma munayankha."

Malipenga anapitiriza kulira, ife titangoima moyandikana, aliyense akuyang'ana kwake.

Mwamuna wanga anatipeza choncho, mwana ali pachifuwa atamufunditsa bulangeti. Monga mwa masiku onse anafuna kumupereka kwa agogo ake, chifukwa amayi sankalola kuti wina anyamule mdzukulu wawo iwo alipo. Tsiku limenelo anabweza manja kumbuyo.

"Ayi, musandipatse lero," anatero. "Mutu sukuyenda bwino."

Mwamuna wanga anandiyang'ana. Ndinamufotokozera m'Chingerezi, mwachidule, maso ali pansi. Anatsegula pakamwa ngati aseke, koma ataona amayi ake anatseka. Tinabwerera kugalimoto popanda kugula china chilichonse.

Njira ya ku South Bend inatalika kuposa kale. Amayi anakhala kumbuyo, nkhope atalozetsa pawindo. Ine ndinafufuta vidiyo ija pa gulu, koma anthu anali ataiona kale. Mlamu wanga wina wa ku Lilongwe anali atalemba kuti, "Koma Amereka yawakonda amayi!" Mdzukulu wawo wina, yemwe anaphunzira kunja, anangofunsa kuti m'kapumo muli chiyani. Ndinabweza foni m'thumba.

M'mawa mwake, Lamlungu, amayi anati sapita kutchalitchi. Mwamuna wanga anayesa kuwanyengerera.

"Amayi, simunachite dala. Mulungu akudziwa."

"Akudziwadi," anayankha. "Pitani inu."

Ine ndinatsala nawo, ndikunamizira mwana. Ndili kukhitchini kutsuka mabotolo, ndinawamva pabalaza akuimbira foni amayi busa a kumpingo kwawo. Foni amaiika pa sipika nthawi zonse chifukwa khutu lina silimva bwino, ndiye ndinamva zonse. Anapatsana moni, anafunsana za mvula ndi za odwala. Kenaka amayi anati ali ndi nkhani yoti aineneretu okha isanafike ndi anthu ena.

"Dzulo ndinapita kumsika kuno," anatero. "Kunazizira kwambiri, ndiye ndinamwa chakumwa chotentha ndisanafunse bwino. Ndinamwa kawiri. Anali vinyo. Ndinaimba pagulu ngati mwana."

Amayi busa anafunsa kuti anawapatsa ndani.

"Ndinalandira ndekha ndi manja angawa," anatero apongozi.

Ndinaima ndi botolo m'manja, madzi akungotayika pampopi. Pabalaza panali pafupi. Ndikanatha kulowa n'kunena kuti ndi ine ndinagula, ndi ine ndinawauza kuti ndi juwisi. Koma sindinalowe. Ndinamvetsera amayi busa akuwalimbikitsa, akupemphera nawo, mpaka foni inadulidwa.

Pamenepo m'pamene ndinapukuta manja n'kulowa. Amayi anali pampando, Baibulo lili pamiyendo lotseka. Ndinagwada pa kapeti patsogolo pawo.

"Amayi, bwanji simunanditchule?"

"Ndikutchuleni kuti zitani? Inu mukhala ndi anthu amenewa moyo wanu wonse. Ine ndakalamba, andiseka pang'ono n'kuiwala."

Ndinayamba kulira, ndikupepesa mobwerezabwereza. Sanandigwire, sanandikalipirenso. Anadikira mpaka nditatonthola, kenaka anapendeketsa mutu kumvetsera kuchipinda.

"Dzukani, amake mwana," anatero. "Wadzuka uyo. Mubwere naye kuno, ndimunyamule."