A Greenwell ndi magetsi a m'khola

Alamu anga a Greenwell anabwera ku London mu 2004 kutsatira akazi awo, achemwali anga a Etta, omwe ndi namwino ku Romford. Kwathu ku Bvumbwe anali munthu wotchuka, wa ng'ombe zake za mkaka ndi njinga yonyamulira zigubu. Kuno anatha chaka akungotsuka mbale m'nyumba. Tsiku lina anakwera basi yolakwika, nakatsikira kumene nyumba zimathera, ndipo mphuno yawo inamva ndowe. Analondola fungolo mpaka pafamu ya bambo Paterson, omwe anawalemba ntchito yokama. Chifikireni ndinali ndisanawaonepo akuseka ngati sabata imeneyo.

Khola la pafamupo linali lopanda zipupa, denga ndi mizati basi, ndipo magetsi ake ankayaka mpaka kucha. A Greenwell ankawanyadira ngati anagula okha. Kuseri kwa mpanda kunali kanyumba ka mayi wina wokalamba, a Peggy, omwe ankakhala okha mumdima wa ndiweyani. Alamu anga chisoni chinawagwira. Kwathu ukakhala ndi getsi lapanja umalipendeketsako kuti akuba aope ndi pakhomo pa mnzako pomwe. Choncho anakwera makwerero natembenuza magetsi awiri akuluakulu kuti aloze pawindo la a Peggy. Sanauze munthu, poti zabwino sadzitama nazo.

Chaka cha 2006 chili mkati, kunabwera mkulu wa kukhonsolo. Anati kuwala kolowa m'nyumba ya eni tsopano ndi mlandu, chimodzimodzi phokoso kapena utsi. Magetsi a m'khola avekedwe zisoti, aloze pansi, ndipo kukama kukatha madzulo ambiri azizimitsidwa. Wodandaula anali a Peggy omwewo. Bambo Paterson atadziwa yemwe anatembenuza magetsiwo anafiira khosi, nanena kuti zikachitikanso ntchito yatha.

A Greenwell mutu unaima. Anandiimbira foni kufunsa ngati kuno mdima uli ndi mwini wake, komanso kuti munthu angasumire bwanji mnzake chifukwa chomuunikira. Ine ndakhalitsa kuno koma nanenso sindinkazimvetsa, ndiye ndinangoti, "Alamu, ingopangani follow ma rules, musamafunse zambiri." Ambirife m'dziko muno timakhala choncho.

Iwo anachita zimene munthu woleredwa bwino amachita. Loweruka masana anavala jekete, ananyamula mandasi amene a Etta anakazinga, nakagogoda kwa a Peggy kukapepesa. Mayiwo anawalowetsa, kuwakhazika pampando wabwino, kuwapatsa tiyi ndi mabisiketi. Anawafotokozera kuti anasamuka dala kuchoka mkati mwa tauni, kufuna malo amdima oti azigona bwino, aziona nyenyezi ndi mileme. A Greenwell anangogwedeza mutu. Mumtima ankati awa ndi manyazi chabe a munthu wamkulu wosafuna kuoneka wopempha, nanga alipo munthu wolakalaka mileme? Chimene anachimva bwino ndi tiyi. Kwathu wokulakwira akabwera kudzapepesa, iwe n'kumulowetsa m'nyumba, n'kudya naye, mlandu wathera pomwepo ndipo mwasanduka abale.

Ndiye m'bale angamusiye mnzake mumdima? Lolemba anakweranso makwerero. Ulendo uno anatembenuza getsi limodzi lokha, poganiza kuti mwina vuto linali loti awiri anachuluka.

Mkulu wa kukhonsolo uja anabweranso, nkhope ili gwa. Bambo Paterson sanataye nthawi. Anawagwira chanza a Greenwell, kuwauza kuti sanakhalepo ndi wokama wodziwa ng'ombe ngati iwo, kenako n'kuwapempha makiyi a pageti.

A Etta anakalipa mpaka mawu kusasa. Ine zinandiwawa kwambiri, chifukwa ndinkadziwa kuti khola lija ndi malo okhawo m'London monse pamene alamu anga ankadziona kuti ndi munthu. Pano amapinda nsalu pamalo ena ochapira zovala ku Edmonton, ndipo sadandaula.

Alamu angawo a Peggy sawanenera choipa, amangowatchula kuti agogo aja. Koma mwezi watha tikubwera kutchalitchi, basi itaima pa Peckham, a Greenwell anandigwira mkono mwakachetechete.

"Alamu, inu mwakhalitsa kuno, tandiuzani. Ngati anali asanakhululuke, tiyi uja anandipatsiranji? Mandasi anadya awiri, ine ndikuona."

Anadikira pang'ono, kenako anatembenukira kuwindo.