Sewero la mayi wotsina mwana

Linali Lamulungu lachitatu la Lenti, nthawi ili hafu pasiti leveni m'mawa, pamene anthu anaseka sewero langa mu holo ya tchalitchi chathu ku Kafue. Ndinakhala kumbuyo, mwana ali kumsana, ndipo kwa kanthawi kochepa mtima wanga unakoma.

Sukulu ndinalekera giredi sikisi. Ku mphakati, kagulu kathu ka mapemphero, sindilankhula. Akandiloza kuti ndipemphere, mawu amandithawa. Koma kulemba ndimakonda. Amayi apampando a gulu lathu la amayi atamva zimenezi anandipempha kuti ndilembe kasewero kophunzitsa za kudalitsa ukwati. "Koma kakhale koseketsa, amake mwana," anatero. "Anthu akapanda kuseka amagona."

Masiku atatu ndinalemba zozizira zokhazokha. Kenako ndinakumbukira zimene ba neba anandiuza.

Ba neba ndi mayi amene timatunga naye pampopi umodzi. Amagula nsomba ku Chanyanya n'kumagulitsa pamsika. Nditabereka, ndiwo ankandiwotchera madzi osamba ndi kundichapira matewera. Tsiku lina tikupala nsomba kuseri kwa nyumba anandiululira kuti papita zaka asakulandira Ukaristia, chifukwa amuna awo ndi a Pentekosite ndipo amakana kukadalitsa ukwati kwa ansembe. Kutsala pabenchi anzawo akupita kutsogolo kunkawachititsa manyazi. Ndiye nthawi yolandira ikafika, ankatsina mwana wawo pantchafu pang'ono kuti alire, iwo apeze chotulukira panja.

"Mulungu andikhululukire," anatero akuseka, misozi ili m'maso. "Nanga uyu akakula ndidzatsina ndani?"

Zonsezi ndinaziika m'sewero mmene zinalili, ngakhale mawu omalizawo. Mayiyo ndinamusandutsa wogulitsa tomato wa ku Shimabala, n'kudziuza kuti tsopano ndi munthu wongopeka. Sindinaganize kuti m'tchalitchi aliyense ali ndi benchi lake, ndipo amayi amadziwa kulira kwa mwana aliyense.

Amene ankasewera mbali ya mayiyo ananyamula chidole chokulunga m'chitenje. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuchitsina, n'kulira yekha kuti "ng'aa!" Holo yonse inafa nako kuseka. Atanena kuti "akakula ndidzatsina ndani", ena anamenya mabenchi.

Pamenepo mayi wina patsogolo panga anakodola mnzake. "Iyee, si uja wa nsomba uyu? N'chifukwa chake mwana wake amalira nthawi imodzimodzi Misa iliyonse!"

"Ine ndimati mwanayo ali ndi wotchi m'mimba," anayankha mnzakeyo.

Mitu inayamba kutembenukira kukhomo. Ba neba anali pomwepo, mwana ali pamiyendo. Sanathawe. Anadikira mpaka anthu atamaliza kuomba m'manja, anabereka mwana wawo bwinobwino, n'kutuluka. Ine sanandiyang'ane.

Amayi apampando anandikumbatira. "Kodi munkabisa mutu wotere? Lamulungu likudzali tikalichitanso ku Shimabala." Ndinangomwetulira ngati chitsiru.

Panja ndinakumana ndi akatekisiti, bambo wachikulire wosakonda kukweza mawu. "Mwanawe," anatero, "mayi wa tomato uja anakulola?"

"Ndi wongopeka, abambo."

"Wongopeka ndiye watuluka apa akunjenjemera milomo?" Anavula magalasi n'kuwapukuta. "Ansembe akamva chinsinsi amafa nacho. Iwe ukulembera tchalitchi chomwechi. Usaname polemba, inde. Koma choona cha mwini si nkhuni zoti ungotola."

Masana onse ba neba sanabwere kumpopi. Anatuma amuna awo, amene anandipatsa moni mwaulemu, osadziwa kanthu. Moni umenewo unandiwotcha.

Chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero si kulakwitsa ayi. Ndinkadziwa kuti nkhaniyo si yanga. Polemba mawu aja dzanja linaima kaye, koma ndinafuna kuti anthu amene sanamvepo mawu anga aseke chifukwa cha ine. Kuseka kwa ba neba ndinakutenga, misozi yawo ndinaisiya. M'sewero langa mayi uja anali wochenjera woyenera kudzudzulidwa, pamene ine ndinkadziwa kuti ndi munthu wolakalaka kulandira Ambuye amene wasowa njira.

M'mawa mwake ndinapita kwa amayi apampando, n'kuwauza kuti sewerolo lisachitikenso kulikonse.

"Mwayamba matama tsopano? Anthu aloweza kale mawu!"

"Si langa, amayi," ndinatero. "Ndinaba."

Kuchoka apo ndinapita kwa ba neba. Ndinawapeza akumanga beseni pa njinga. Ndinagwada pafumbi.

"Ba neba, zimene munandiuza kuseri kuja ndinazigulitsa kuti anthu aseke. Ndalakwa."

Anapitiriza kukoka mphira. "Nyamukani, amake mwana, anthu akuona. Kapena mukufuna sewero lina?"

"Silichitikanso. Ndakaletsa."

"Nanga maso a anthu mwakaletsanso? Lamulungu ndikakhala pati?"

Ndinawauza kuti akafuna kupita ku Misa, ndidzakhala nawo pabenchi lawo, ndipo anthu akamapita kutsogolo ine ndidzatsala nawo. Sanavomere, sanakane. Anakankha njinga n'kutuluka, ine ndinanyamuka monga anandiuza, n'kuwatsekera geti.