Zitsulo Zimene Tinakwirira pa Chulu

Tinasamukira ku Manyamula ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Amayi anali namwino, ndipo boma linawachotsa ku Dedza kumene ndinabadwira n'kuwatumiza kumeneko. Bambo anatsala pantchito ku Lilongwe, choncho m'nyumba tinalimo awiri basi. Chitumbuka sindinkachimva. Masabata oyambirira kusukulu, nthawi yopuma ikakwana, ndinkakhala ndekha kuseri kwa kalasi n'kumadya chinangwa changa nditazolika.

Amene anandichotsa kuseriko anali mtsikana wa nyumba yoyandikana ndi yathu, imene tinkasiyana nayo ndi mpanda wa udzu. Anali wamkulu kwa ine ndi chaka chimodzi, wochepa thupi, wosakonda kuseka. Tsiku lina tikuweruka anandigwira pamkono.

"Iwe wa ku Dedza, ukufuna kuona mphala yathu? Mbwenu tiye. Koma usauze munthu."

Mphala ndi bwalo loweruzirapo milandu. Yawoyo inali kumunsi kwa sukulu, polowera kudambo, pa chulu chachikulu chimene pamwamba pake panamera mtengo wa masuku. Tinapezapo atsikana ena atatu akutidikira. Mnzangayo anandikhazika pansi n'kundifotokozera malamulo. Anati m'chulumo mumakhala anthu ang'onoang'ono osaoneka ndi maso, ali ndi mfumukazi yawo, nduna zawo ndi asilikali a mikondo ya bango. Sadwala, sakalamba, mvula siiwanyowetsa. Chowapha n'chimodzi chokha: chitsulo. Iye ankatchula kuti "chisulo". Tikafika pachulupo, ifeyo tinkasanduka anthu amenewo.

Mfumukazi anali iyeyo masiku onse, ndipo panalibe wotsutsa chifukwa masewerawo anawayambitsa ndiye. Ankavala chisoti cha masamba a msuku olumikiza ndi timitengo. Ine anandipatsa ulonda wa pachipata. Ntchito yanga inali kusecha aliyense wolowa. Lezala yosongolera pensulo, pini womangira yunifolomu yong'ambika, ndolo, supuni, zonsezi zinkatsala pamwala wina chapatali. Ndinkainyadira kwambiri ntchito imeneyi. Kwa nthawi yoyamba chifikireni kumpoto, panali anthu ondimvera.

Tinkaweruza milandu yosekesa. Mbuzi inaimbidwa mlandu wodya maluwa a mfumukazi. Mvula tinaizenga chifukwa chochedwa. Wopezeka wolakwa ankatunga madzi kudambo ndi tsamba, kapena kuvina mpaka nduna zitakhutira. Koma tsiku lililonse masewera ankathera pa Wachitsulo. Mmodzi mwa ife ankatenga khasu lakutha lopanda mpini, n'kutulukira nalo kuchokera kudambo. Aliyense amene wakhudzidwa nalo ankagwa pansi osadzukanso. Kulimbana naye kunali koletsedwa, poti mkondo wa bango sungathe kanthu pamaso pa khasu. Njira inali imodzi: kudikira kuti agone, kukulunga dzanja ndi masamba, kumubera chitsulocho n'kuchikwirira. Chikakwiririka ankasanduka munthu wamba wopanda mphamvu, ndipo tinkamukokera pamphala kudzamuweruza.

Tsiku limene ndinakhala Wachitsulo ndinabwera ndikuthamanga ndi kubangula ngati chilombo. Mfumukazi anandiimitsa.

"Ayi, sabwera choncho. Amayamba waima pakhomo, chete. Kenako amafunsa funso pang'onopang'ono, funso loti yankho lake akulidziwa kale. Yambiranso."

Ndinaseka. Iye sanaseke, ndipo anandibwereza katatu mpaka ndinakhoza.

Bambo ake anali atabwera kuchokera ku Joni chaka chathacho, atakhalako zaka zambiri. Anabwerako ndi wailesi yaikulu, jekete yachikopa ndi mwendo wotsimphina. Ntchito analibe. Kwa amayi anga anali munthu waulemu, wopereka moni atavula chipewa. Masana ambiri ankakhala pakhonde n'kumanola chikwanje chake pamwala, ndipo phokoso lake linkadutsa mpanda uja n'kutipeza tikudya. Akakangana ndi akazi awo, omwe ankagulitsa tomato pamsika, tinkamva chikwanjecho chikumenya chitseko ndi tebulo. Nditalowa m'nyumbamo kamodzi kukabwereka sefa, ndinaona mphuthu ya chitseko ili yotemekatemeka ngati chipika chodulirapo nyama. Ndinaona, koma sindinagwirizanitse ndi zimene tinkachita kuchulu. Amayi anapitako kawiri kukayankhula ndi mayiwo. Ulendo wachiwiri anabwerako akupukusa mutu.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mnzangayo anafika pachipata ndi kanthu kokulunga m'chitenje. Nditamasula ndinapeza mpeni wa kukhitchini, weniweni, wakuthwa.

"Ichi sichilowa," ndinatero.

"Sicholowa nacho. N'chokwirira."

Dothi la chulu nyengo imeneyo limauma ngati njerwa. Tinathirapo madzi a kudambo n'kukumba ndi mitengo mpaka manja anatuluka matuza. Sabata yotsatira anabweretsa nkhwangwa. Atsikana ena aja ataiona anachita mantha, ndipo anasiya kubwera. Tinatsala awiri. Lachisanu lina anajomba kusukulu, ndipo nditapita kuchulu ndinamupeza atakhala pansi, chikwanje cha bambo ake chili pamiyendo. Anali atachikulunga ndi masamba a nthochi kuti chisamukhudze khungu.

Titakwirira anatapa kadothi ka pachulu, n'kudya theka, theka linalo n'kundipatsa.

"Idya. Ndapota, usauze munthu, ngakhale amama ako. Chisulo chonse chatha m'nyumba. Sono tigona makora." Ankatanthauza kuti tsopano agona bwino.

Ndinadya. Ndinene zoona, ndinkasangalala. Ndinkaona ngati tachita chinthu chachikulu cha ngwazi.

Loweruka m'mawa amayi anapita kuntchito. Ine ndinali kutsuka mbale panja pamene bambo a mnzanga aja anaima pampanda. Anaima nthawi ndithu osayankhula. Kenako anandifunsa mofatsa.

"Mwana wane, sunachione chikwanje changa? Paja mumasewera limodzi ndi wangayu."

Kumbuyo kwawo, pafupi ndi mtondo, mnzanga uja anali ataima akundiyang'ana.

"Ayi, sindinachione," ndinayankha.

"Nkhwangwa nayo?"

"Ayi."

"Yewo," anatero, akumwetulira. Atatembenuka, mnzangayo anandigwedezera mutu pang'ono. Ndinapitiriza kutsuka mbale ndikudziona kuti ndine mlonda wokhulupirika.

Dzuwa litapendeka, mayi a mnzangayo anabwera kuchokera kumsika ndi dengu pamutu. Sanapatsidwe ndi mpata wotula. Mawu a bambowo anali otsika, koma panthawiyi Chitumbuka ndinali nditayamba kuchimva. Ankafunsa kuti zipangizo zawo wapatsa mwamuna uti kumsikako. Mayiwo anati sakudziwa. Anafunsanso funso lomwelo, mawu osakwera. Kenako ndinamva dengu likugwa, ndi kugunda kwina kosamveka ngati kwa chitsulo, kolemera, ngati munthu akusinja chimanga chonyowa. Ndinasuzumira pampanda. Bambowo anali atatenga munsi.

Mnzanga anawagwira mwendo wotsimphina uja akukuwa. "Ndine, adada! Ndine nkhatora!" Ankanena kuti watenga ndiye. Bambowo anamukankhira kumbali ndi bondo, n'kumuuza kuti asamaname pofuna kuikira kumbuyo mayi ake. Tomato anali atamwazika bwalo lonse, nkhuku zikujompha.

Sindikudziwa kuti ndinaima pamenepo nthawi yaitali bwanji. Ndikanatha kukuwa kuti mwanayo akunena zoona, kuti malowo ndikuwadziwa. Mawu sanatuluke. Miyendo ndiyo inayamba kugwira ntchito, ndipo ndinathamanga wopanda nsapato mpaka kuchipatala. Pobwera ndi amayi tinapeza anthu atadzaza, amuna awiri atawagwira bambowo, mayiwo ali gone pafupi ndi nkhokwe. Mkono wawo wamanja unali utapindika pamalo posayenera kupindika, ndipo khutu limodzi linkatuluka magazi. Anawanyamula pangolo ya ng'ombe. Tsiku lomwelo anawatumiza kuchipatala chachikulu ku boma. Amayi anandiuza patapita zaka kuti kumeneko mayiwo ankauza aliyense wowafunsa kuti anagwa panjinga.

Madzulo amenewo sindinathe kudya. Amayi atandifunsa kachiwiri, ndinaulula zonse. Anamvetsera osandidula mawu. Mawa lake titachoka kutchalitchi anatenga khasu n'kundiuza kuti nditsogole.

Sizinali pakuya. Chikwanje chinatuluka poyamba, kenako nkhwangwa, kenako mpeni. Chiswe chinali chitayamba kale kudya mpini wa nkhwangwa. Pansi penipeni panali khasu lakutha lija, losewerera. Amayi anazindandalika pansi zonse zinayi n'kundifunsa kuti tinkakwirira kuti zitani. Ndinafotokoza za anthu a m'chulu, za mfumukazi, za Wachitsulo amene amatha mphamvu chitsulo chake chikakwiririka. Ndikufotokoza choncho, m'pamene ndinamva ndekha zimene ndinkanena. Amayi anakhala pansi padothi, ndi chitenje chawo cha kutchalitchi, n'kuphimba nkhope ndi manja.

"Kodi mwanayu wakhala akusewera zimenezi kuyambira liti?"

"Ndinapeza akusewera kale."

Amayi anachotsa manja kunkhope. Kenako anandikokera pafupi. "Tamvera. Wathyola mkono uja si iwe, si mnzakonso ayi. Wamva?"

Ndinavomera ndi mutu, koma sindinakhulupirire.

Zitsulozo anakazipereka kwa akulu awo a bambo aja, ndipo anawauza zonse monga zinalili, kuti mayiwo sanapatse munthu kanthu. Patatha milungu itatu, mayiwo atatuluka m'chipatala ndi chikhakha pamkono, abale a mbali zonse anakumana pansi pa mtengo wa mango kwa akuluwo. Ana sitinaloledwe kuyandikira. Tinaonerera chapatali amuna atakhala pamipando, amayi pamphasa chakumbali, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litafika pamutu. Chigamulo tinachimva kwa anthu obalalika. Bambowo anadzudzulidwa kwambiri. Alongo awo a mayiwo anakana kuwasiya, ndipo anati awatenga kupita nawo kwawo cha ku Jenda. Koma mwana atsala, chifukwa ng'ombe za malowolo zinaperekedwa ndipo mwana ndi wa kuchimuna.

Kwathu ku Dedza mwana ndi wa mayi ake. Ndinafunsa amayi ngati sangakanene zimenezo. Anati anayesa, ndipo anauzidwa mwaulemu kuti iwo ndi alendo.

Chikwanje ndi nkhwangwa zinabwerera kwa mwini wake, poti mvula inali pafupi ndipo kumunda kunali zitsamba zofunika kusadza. Nkhwangwayo anaiika mpini watsopano.

Mayiwo anachoka atakwezedwa panjinga ya mlongo wawo, mkono uli pachifuwa, kathumba ka zovala kali pamiyendo. Mnzanga anawaperekeza mpaka pamphambano. Sanalire. Atabwerako anakatola mtsuko n'kupita kumjigo, chifukwa tsopano ntchito zonse za pakhomo zinali zake. Anali ndi zaka khumi ndi ziwiri.

Ndinamutsatira kumjigoko. Tinapopa madzi mpaka mtsuko unadzaza. Pomusenzetsa ndinamufunsa ngati tipitenso kuchulu tsiku lina.

"Ndakula," anatero.

"Wandikwiyira chifukwa ndinauza amayi?"

"Yayi." Anakonza nkhata pamutu. "Ndimangoganiza za m'mawa uja. Ukanawauza adada pampanda paja, akanamenya ine. Ine ndikanapirira. Mafupa anga ndi anthete, sachedwa kupola."

"Koma unandigwedezera mutu."

"Enya, ndinagwedeza."

Anauyamba ulendo, madzi akutayikira kumsana. Nkhaniyi sitinaikambenso.

Kusukulu anayamba kubwera kawiri kapena katatu pa sabata, atachedwa, akununkha utsi. Teremu yachitatu isanathe anasiyiratu. Kuseri kwa mpanda kunakhala bata loposa kale. Nthawi zina tinkamva mbale ikugwa, kenako zii. Amayi ankamuitana kawirikawiri kuti adzawathandize kusankha nyemba kapena kuluka tsitsi langa, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti ankafuna kumuona m'mikono ndi kumsana. Kawiri konse anapitanso kwa akulu aja. Ulendo wina mtsikanayo anakakhala kwa azakhali ake mwezi umodzi, kenako anabwezedwa chifukwa bambo ake analibe wowaphikira.

Chaka chotsatira amayi anasamutsidwira ku Mzimba boma. Za mnzangayo ndinkangomva apo ndi apo kwa anthu obwera kudzagula katundu. Wina anati anakwatiwa asanakwanitse zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndi mwamuna amene naye anapita ku Joni. Wina anati mayi ake amagulitsabe tomato pa Jenda ndi dzanja lamanzere, lamanjalo silinawongokenso. Ndadutsapo pa Jenda kambirimbiri pabasi, ndipo sindinatsikepo kuti ndikawafufuze. Sindidziwa chimene ndikanawauza.

Tsiku losamuka anabwera kudzatithandiza kukweza katundu mulole. Ananyamula mipando ndi mapoto mwachangu kuposa ine, ndipo atamaliza anandipatsa mtedza wokazinga wokulunga m'pepala la m'kope lake lakale la masamu. Amayi anamugwira mapewa onse awiri n'kumuuza kuti zinthu zikavuta akwere galimoto iliyonse yopita ku boma, akafunse kuchipatala, akatipeza.

"Yewo chomene, amama," anatero, akuyang'ana pansi.

Dalaivala analiza injini. Kuseri kwa mpanda bambo ake anaitana mofatsa kuti akufuna madzi osamba. Mnzanga anandigwira chanza mwamsanga, dzanja lake lili lokhakhala ngati la munthu wamkulu, n'kuthamangira kwawo lole isananyamuke.